ROBERT PERKINS, AMENE ADATCHA MAINA TIZIROMBO TA KU HAWAII

Ambiri a inu, awerengi athu, dzina la Molokai mudalimva chifukwa cha Bambo Damien, wansembe wa ku Belgium amene adakhala pakati pa anthu odwala khate pa chisumbu chimenecho kufikira imfa yache m'chaka cha 1889. Patangopita zaka 4 iye ataikidwa m'manda, m'mapiri a nkhungu a chisumbu chomwecho munkayenda mnyamata wina wa ku England, atanyamula mfuti, kaukonde ndi timabotolo. Sadadzere malonda kapena kulalika ai. Adatumidwa kudzasonkhanitsa ndi kulemba zamoyo zonse za pamtunda za m'zisumbu za Hawaii, makamaka tizirombo tating'ono timene timadya masamba, makungwa ndi mitima ya mitengo. Dzina lache lidali Robert Cyril Layton Perkins. Anthu ambiri akadaiyesa nchito yacheyo masewera a ana. Koma patapita zaka 10 nzeru zimene adazipeza m'nkhalangomo ndizo zidathandiza kupulumutsa minda ya nzimbe ya dziko lonselo, pamodzi ndi mabanja ochuluka amene ankadyera m'minda imeneyo.

Perkins adabadwa pa 15 November 1866 ku Badminton, m'chigawo cha Gloucestershire. Bambo wache, Charles Perkins, adali mbusa wa mpingo wa Anglican ndiponso mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku St Albans, kumene mwanayo adayambira maphunziro ache asadapite ku Merchant Taylors' School. M'chaka cha 1885 adapambana mayeso nalowa ku Jesus College, ku Oxford, kukaphunzira Chilatini ndi Chigriki, ndipo adatsiriza mu 1889. Koma mtima wache sudali pa mabuku a anthu akale okha. Kuyambira ubwana ankakonda kugwira njuchi ndi mabvu a m'tchire ndi kuyang'anitsitsa mapangidwe ao, ndipo ku Oxford adakopeka kwambiri ndi maphunziro a Edward Poulton onena za maonekedwe a tizirombo. Asadatsirize sukulu adali atayamba kale kulemba nkhani zazifupi za tizirombo m'mapepala a akatswiri. Chilatini chija sichidapite pachabe, monga tidzaona, pakuti maina onse a zamoyo amalembedwa m'chinenero chimenecho.

Nthawi yomweyo akulu a mabungwe awiri a anthu ophunzira ku England, la Royal Society ndi la British Association, adapangana zotumiza munthu ku zisumbu za Hawaii, zimene Angerezi ankazitcha Sandwich Islands chifikire Captain Cook kumeneko mu 1778. Otsogolera nkhaniyo adali Alfred Newton, katswiri wa mbalame, ndi David Sharp, katswiri wa zikumbu, onse awiri a ku Cambridge. Sharp adali ataona kale zikumbu zachilendo zimene mbusa wina wa Anglican, Thomas Blackburn, adamtumizira pamene ankakhala ku Honolulu kuyambira 1876 kufikira 1882, ndipo adazindikira kuti kumeneko kuli chuma chimene palibe adachiwerenga. Mu 1891 adasankha Perkins, ndipo mnyamatayo adafika ku Honolulu m'chaka cha 1892, ali ndi zaka 25.

Dziko lopanda nyerere

Kuti timvetse chimene adakapeza, tiyenera kudziwa pamene zisumbuzi ziri. Ziri pakati peni peni pa nyanja yaikulu ya Pacific, mamailosi oposa 2,000 kuchokera ku mtunda waukulu uli wonse. Sizidalumikizanepo ndi dziko lina: zidatumphuka pansi pa nyanja monga mapiri ophulika moto, ndipo poyamba zidali miyala yokha yokha. Tsono chomera chiri chonse ndi kachirombo kali konse ka kumeneko kadachita kuoloka nyanja, kaya pouluzika ndi mphepo, kaya pa chipika choyandama, kaya pomatirira ku nthenga za mbalame. Zimene zidaoloka zidali zowerengeka. Anthu asadafike, kudalibe nyerere ngakhale imodzi, kudalibe udzudzu, ndipo agulugufe ouluka masana a mbadwa za konko alipo mitundu iwiri yokha, umodzi wa iyo wotchedwa ndi dzina la Blackburn uja. Chifukwa chache alendo oyamba, poona kuti m'mbali mwa nyanja mulibe zouluka zambiri, ankanena kuti Hawaii ndi dziko losauka tizirombo.

Perkins adaonetsa kuti adalakwa. Tizirombo tidalipo tambirimbiri, koma tidali m'mapiri, m'nkhalango za mvula, tobisala pansi pa makungwa, m'timitengo touma ndi m'ndere za pa nthambi. Kuti atipeze adayenda zisumbu zonse zazikulu: Oahu, Hawaii, Molokai, Lanai, Maui ndi Kauai. Ankamanga hema m'nkhalango nakhalamo masabata angapo, kawiri kawiri wopanda mnzache, m'malo amene mvula imagwa pafupi tsiku ndi tsiku, zobvala ndi zofunda osauma. Masana ankagwedeza ndi kumenya nthambi kuti tizirombo tigwere pa nsaru, nasenda makungwa, nang'amba timitengo toola. Usiku ankayatsa nyali kudikira zouluka. Nthawi zambiri ankayenda wopanda nsapato, ngakhale pa miyala yakuthwa yotsalira ku moto wa mapiri, ndipo n'chifukwa chache buku la zolemba zache za tsiku ndi tsiku, limene Neal Evenhuis adalisindikiza mu 2007, lidatchedwa Barefoot on Lava. Adagwira nchito imeneyi, ndi maulendo obwerera kwao pakati pache, kuyambira 1892 kufikira 1901. M'zaka zomwezo ufumu wa Hawaii udagwa: Mfumukazi Liliuokalani idachotsedwa pa mpando mu 1893, ndipo mu 1898 dziko la America lidatenga zisumbuzo.

Chimene chidamsiyanitsa ndi osonkhanitsa ena n'chakuti sankangotola ndi kuika m'botolo. Ankalemba chisumbu, phiri, kutalika kwa malo, mwezi, ndiponso mtengo weni weni umene adapezapo kachiromboko. Chizolowezi chimenechi n'chotopetsa, ndipo munthu waulesi amachinyoza. Koma popanda icho zonse zimene tinene m'munsimu sizikadadziwika.

Mfunda ndi dzina

Kutcha maina zamoyo kuli ndi malamulo ache, amene adayamba ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. Pa nyama ndi tizirombo akatswiri amawerengera kuyambira buku lache la 1758. Chamoyo chiri chonse chimalandira mau awiri a Chilatini. Oyamba ali ngati mfunda, monga tinena kuti uyu ndi Phiri, uyo ndi Banda. Achiwiri ndiwo dzina lache leni leni la mtundu umenewo, losiyanitsa ndi abale ache a mfunda womwewo. Mifunda yofanana imasonkhanitsidwa m'fuko limodzi, mafuko nawonso m'gulu lalikulu. Ofuna kutcha dzina latsopano ayenera kulongosola m'buku maonekedwe onse a kachiromboko, ndi kusunga kamodzi m'nyumba yosungiramo zakale, kuti wina akadzakayika m'tsogolo akathe kukaona ndi maso ache.

Tsono kuzindikira mfunda sikuchitika poyang'ana mtundu wa khungu ai, pakuti tizirombo tiwiri tobiriwira tikhoza kukhala tosiyana kotheratu, ndipo tiwiri tosiyana maanga tikhoza kukhala tapachibale. Katswiri amayang'ana mamangidwe a thupi pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Kachirombo kali konse kali ndi zigawo zitatu, mutu, chifuwa ndi mimba, ndi miyendo 6 yomera pa chifuwa. Koma amawerenga mfundo za tinyanga ta pamutu, natsata timitsempha ta m'mapiko, nayang'ana zikhadabo, ndipo koposa zonse amayang'ana pakamwa. Todya zomera tiri pawiri. Tina tiri ndi nsagwada zotafunira, monga ziwala, mbozi ndi zikumbu. Tina tiribe nsagwada zotere, koma kamlomo konga singano koboolera ndi kuyamwira, monga nyenje, nunkhadala ndi nsabwe za m'masamba.

Mwa totafuna, Perkins adakonda kwambiri mfunda wotchedwa Proterhinus, dzina limene Sharp adaupatsa mu 1878. Ndi tizikumbu tapachibale ndi nankafumbwe wa m'nkhokwe zathu, ndipo tambiri sitimposa msinkhu. Tiribe mapiko oulukira. Mphutsi zache zimakulira m'timitengo touma, m'makungwa ndi m'mapesi a zomera za m'nkhalango, ndipo tatikulu timayenda pang'ono pang'ono pa mtengo womwewo umene tidabadwira. M'zisumbu za Hawaii muli mitundu ya Proterhinus yoposa 150, ndipo yochuluka ya iyo adaitcha maina ndi Perkins. Nchitoyo idali yobvuta kwambiri, chifukwa tizikumbuti timasiyana tokha tokha ngakhale m'mtundu umodzi, tina tatikulu tina tating'ono, tatimuna tosiyana mutu ndi tatikazi. Apa ndi pamene timapepala tija ta dzina la mtengo ndi la phiri tidamthandiza.

Mfunda wina ndi Plagithmysus, zikumbu za nyanga zazitali ndi miyendo yaitali yakumbuyo, zooneka ngati nkhululu. Mphutsi zache zimaboola thunthu ndi nthambi. Mitundu yache ikuposa 100, ndipo Perkins adaona kuti yambiri imasunga mtengo umodzi: wina pa koa, umene uli mbale wa mitengo yathu ya mthethe, wina pa ohia, wina pa mamane. Ukaoloka kupita ku chisumbu china, pa mtengo womwewo upezapo mtundu wina wofanana nawo koma wosiyana pang'ono. Akatswiri amafotokoza kuti kholo limodzi lidafika kale kale, ndipo zidzukulu zache, popatukana ndi nyanja, zigwa ndi mitengo yodya, zidanka zisiyana kufikira zidaleka kukwatirana. Mu 1948 Elwood Zimmerman, poonkhetsa zonse zodziwika nthawi imeneyo, adayerekeza kuti mitundu yoposa 3,000 ya tizirombo ta mbadwa za ku Hawaii idachokera kwa makolo okwana ngati 250 okha. Chiwerengero cha mitundu chakwera kwambiri chiyambire pamenepo.

Adasonkhanitsanso mbalame, popeza Newton ndizo ankazifuna. Pa Molokai, mu 1893, adapeza mbalame yakuda ya mlomo wokhota imene azungu sadali kuidziwa. Newton adaitcha Drepanis funerea, ndipo mau achiwiriwo aphunzitsi odziwa Chilatini awazindikira: ndi a maliro. Dzinalo lidalosa zoona, pakuti mbalameyo idaoneka kotsiriza mu 1907. Ngakhale pa mbalame, Perkins adali munthu wa tizirombo ndithu. Ankang'amba nthutumba zao kuti aone zimene zidadya, ndipo potero adadziwa kuti kambalame kena ka pa Maui, ka mlomo ngati wa chinkhwe, kamaswa nthambi za koa kufuna mphutsi za zikumbu zija. Pano sitingabise kuti iye, monga osonkhanitsa onse a masiku amenewo, adaombera mbalame zimene ankadziwa bwino kuti zatsala pang'ono kutha. Adaganiza kuti zidzatha ndithu chifukwa cha kuonongeka kwa nkhalango, ndi kuti kuli bwino chitsanzo chitsale m'kabati kusiyana ndi kuti pasatsale kanthu. Maganizo amenewo ali ndi mbali yoona, koma lero palibe katswiri angaloledwe kuchita chomwecho, ndipo n'koyenera kuti asaloledwe.

Zonse zimene adatola zidatumizidwa ku England ndi kugawidwa kwa akatswiri osiyanasiyana. Edward Meyrick ndi Lord Walsingham adalemba za agulugufe a usiku, George Kirkaldy za toyamwa, Sharp za zikumbu zina, ndipo Perkins mwini adalemba za njuchi ndi mabvu, ziwala, anankafumbwe ndi mbalame. Zolemba zonsezi zidatuluka m'mabuku akulu atatu otchedwa Fauna Hawaiiensis, kuyambira 1899 kufikira 1913. M'mau oyamba a mabukuwo, amene adatuluka potsiriza, Perkins adafotokoza chifukwa chache m'zigwa mudalibe tizirombo ta mbadwa. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhwangwa zidatha nkhalango. Koma mdani wina adali nyerere ya mutu waukulu, Pheidole megacephala, imene idadza ndi zombo, ndipo ambiri amati kwao kweni kweni ndi kuno ku Africa. Tizirombo ta ku Hawaii, popeza makolo ao sadaonepo nyerere, tidalibe njira yodzitetezera. Perkins adaona kuti pamene nyererezo zidalekezera pokwera phiri, pomwepo ndi pamene tizikumbu ta mbadwa tidayambira kupezeka.

Mliri wa m'nzimbe

Mu 1901 adakwatira Zoë Atkinson, mwana wa mkulu woyang'anira sukulu za ku Hawaii, ndipo adakhazikika ku Honolulu nayamba kugwira nchito m'boma pa za ulimi. Mu 1902 adathandizana ndi Albert Koebele, Mjeremani amene adatchuka populumutsa malalanje a ku California ndi kachikumbu kochokera ku Australia. Koebele ankatumiza kuchokera ku Mexico tizirombo todya lantana, chitsamba cha minga ndi timaluwa tokongola chimene chafalanso m'malo ambiri kuno kwathu, ndipo Perkins ankatilandira, natisankha, natimasula. Iyi idali imodzi mwa nthawi zoyamba pa dziko lonse kuti anthu alimbane ndi chomera choononga pogwiritsa nchito tizirombo.

Koma bvuto lalikulu lidali m'njira. M'chaka cha 1900 Perkins adagwira kachirombo kakang'ono kodumpha, kotuwa, kamene sadakaonepo m'zaka zonse zija za m'nkhalango. Mlimi akadangokaphwanya ndi chala. Iye adazindikira msanga kuti ndi kachilendo, chifukwa abale ache a mbadwa adali kuwadziwa. Posachedwa kadadzaza minda ya nzimbe pa zisumbu zonse. Mu 1903 Kirkaldy adakapima napeza kuti kalibe ndi dzina lomwe m'mabuku, ndipo adakatcha Perkinsiella saccharicida. Mau oyamba ndi olemekeza Perkins. Achiwiri atanthauza wopha shuga.

Tiyeni tikayang'ane pafupi, pakuti kuononga kwache kuli m'mapangidwe a thupi lache. Kutalika kwache sikuposa njere ya mpunga. Kunsi kwa mutu kuli mlomo wopindikira ku chifuwa, ndipo mlomowo uli ngati chimake chosungamo tisingano tinai toonda koposa tsitsi. Tiwiri takunja tiri ndi mano ku nsonga, tocheka njira. Tiwiri tam'kati timagwirana bwino lomwe n'kusiya timipata tiwiri, kena kotsitsira malobvu m'tsamba, kena kokwezera madzi a chomera. Kachiromboko kamalasa tsamba kufikira kapeza mtsempha woyendamo chakudya cha nzimbe, ndipo kamayamwa kosalekeza. Popeza madziwo ali ndi shuga wambiri kuposa amene kangafune, kamataya wotsalayo ngati timadontho tomata. Timadonthoto tikagwera pa masamba pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye, ndipo tsamba lophimbidwa chotero silingalandire dzuwa. Kakakazi kali ndi chida china ku mimba, chonga kampeni ka mano, chimene kamang'ambira msana wa tsamba kapena phesi n'kuikiramo mazira. Mabala amenewo amafiira, ndipo matenda oolesa amalowera pomwepo. Ana akaswa amafundula kasanu asadamere mapiko, nayamwa nthawi yonseyo. Chizindikiro cha fuko lao, la Delphacidae, ndi kamnga kogwedezeka ku mwendo wakumbuyo, pafupi ndi phazi, konga ka ku mwendo wa tambala. Alimi athu amadziwa nchito ya wachibale wina wa patali, Cicadulina, amene poyamwa amafalitsa matenda aja olemba mizere yachikasu pa masamba a chimanga.

Nzimbe ndizo zidali chuma cha Hawaii, ndipo m'minda mudali anchito zikwi zambiri ochokera ku Japan, China ndi Portugal. Pa munda wina waukulu wa ku Pahala, shuga adatsika kuchokera pa matani oposa 18,000 pa chaka kufika pa matani osakwana 1,000 mu 1906. Eni minda adachita mantha, ndipo mu 1904 bungwe lao, Hawaiian Sugar Planters' Association, lidakhazikitsa nthambi ya akatswiri a tizirombo ndi kuika Perkins kukhala mkulu wache.

Maganizo ache adali otere. Kachirombo kameneka n'kachilendo. Kwao kayenera kukhala ndi adani amene adatsala m'mbuyo pamene iko kadakwera chombo. Tsono chofunika ndi kudziwa kwao. Apa mpamene kutcha maina, nchito yonyozeka ija, kudaonetsa phindu lache, pakuti sungafunse kwao kwa mlendo usadadziwe mfunda wache. Polemberana makalata ndi anthu a maiko ena, adalandira zitsanzo kuchokera ku Queensland, ku Australia, ndipo poziyerekeza adapeza kuti ndi mtundu womwewo. Komanso adamva kuti kumeneko sukuononga kweni kweni. Mu 1904 iye ndi Koebele adapita ku Queensland. Adakhala miyezi ingapo m'minda ya ku Cairns ndi Bundaberg, kutola masamba okhala ndi mazira, kuwasunga m'timabotolo ndi kudikira kuti aone chimene chitulukemo.

Mudatuluka zodabwitsa zambiri, zimene Perkins adazilongosola m'mabuku a bungwelo mu 1905 ndi 1906. Mudali timabvu tatikazi tokhala ndi zopanira ku miyendo yakutsogolo zogwirira kachirombo kodumphako pokaikira dzira. Mudali tinchenche ta mutu wokhala maso okha okha, toikira mazira m'thupi la ana ache. Mudalinso mbozi za agulugufe a usiku zokwera pa msana wa tizirombo tina ta gulu lomwelo. Koma wopambana onse adali kamabvu kochepetsetsa, kosafika ngakhale milimita imodzi, ka mapiko onga nthenga, kamene kamafunafuna dzira la Perkinsiella m'kati mwa tsamba n'kuikiramo dzira lache. Mwana wache amadya za m'dziramo, ndipo m'malo mwa woononga mumatuluka kamabvu kena. Perkins adakatcha optabilis, ndiko kunena chinthu cholakalakika. Kutumiza tamoyo totere pa ulendo wa masabata pa nyanja kudali kobvuta, ndipo mitokoma yambiri idafika zonse zitafa. Towerengeka tidafika tamoyo, anzache ku Honolulu adatiweta natigawa m'minda, ndipo pofika 1907 zokolola zidayamba kubwerera.

Nkhondoyo sidathere pomwepo. M'madera a mvula yambiri mliri unkabukabe. Amene adaitsiriza ndi Frederick Muir, mnzache wa Perkins, amene adayamba wagwira nchito ya matelegrafu m'madoko a ku Africa asadalowe bungwelo mu 1905. Muir adali katswiri wa ziwalo zobisika za tizirombo. Iye ndi Sharp adasindikiza mu 1912 buku lofananiza ziwalo zoberekera za zikumbu zazimuna, ndipo iye adaonetsanso kuti pa Delphacidae ziwalo zimenezi ndizo umboni wokhulupirika wosiyanitsa mitundu imene kunja ikuoneka chimodzimodzi. Mu 1920, ku Queensland konkuja, adaona kachirombo kena, kotchedwa lero Tytthus mundulus, kakulasa mlomo wache m'tsamba la nzimbe. Abale ache ambiri ndi oononga mbewu, kotero kuti munthu wopupuluma akadakayesa mdani. Muir adakayang'anitsitsa masiku ambiri napeza kuti sikayamwa tsamba ai, koma mazira obisika m'tsambamo. Atakafikitsa ku Hawaii, m'zaka zowerengeka Perkinsiella adaleka kukhala bvuto la alimi. Njira yomweyi idafika kwathu m'zaka za m'ma 1980, pamene kodikodi, wochokera ku South America, adaononga chinangwa m'mbali mwa nyanja, ndipo kamabvu kotengedwa kwao komweko ndiko kadamchepetsa.

Tisaganize kuti kubweretsa adani n'kopanda ngozi. Ku Hawaii komweko alimi adabweretsa nyama yonga msulu mu 1883 kuti idye makoswe, koma iyo idatembenukira mbalame ndi mazira ao. Ngakhale tizirombo tina timene tidamasulidwa m'zaka zimenezo, tosasankha chakudya, tidakwera m'mapiri n'kuyamba kupha mbozi za mbadwa, zomwe zija Perkins adazibvutikira. Nchito ya pa nzimbe idayenda bwino chifukwa adasankha mdani wodya chinthu chimodzi, atamuona ndi maso ao.

Zaka za m'mvula ndi za m'minda yotentha zidafoola thupi lache. Pofika 1912 adali atapuma nchito chifukwa cha kudwaladwala, nakhazikika m'chigawo cha Devon ku England. Chaka chomwecho bungwe la Linnean Society lidampatsa mendulo yache ya golide, ndipo mu 1920 adasankhidwa kukhala mmodzi wa a Royal Society, limodzi mwa mabungwe aja adamtuma ali mnyamata. Sadaleke nchito. Adabwerera ku chikondi chache choyamba, njuchi ndi mabvu a ku England, ndipo anzache a ku Honolulu ankamtumizirabe timabokosi ta Proterhinus ndi Plagithmysus tatsopano kuti awatchulire maina, kufikira m'zaka za m'ma 1930. Mmodzi wa ana ache, John Frederick Perkins, adatsata mapazi a bambo wache nakhala katswiri wa mabvu ku British Museum. Robert Perkins adamwalira pa 29 September 1955 ku Bovey Tracey, ali ndi zaka 88. Tizirombo timene adatola tikusungidwa ku London ndi ku Bishop Museum ya ku Honolulu, ndipo pakati pa ito pali mitundu ina imene sidaonekenso yamoyo chiigwirire iye.